Mabwalo a Maseŵero ku Zomba: Ntchito ya Khonsolo, Phindu la Tonse

Munthu akapezeka ndi matenda a kuthamanga kwa magazi kapena a shuga, kuchipatala amapatsidwa mankhwala pamodzi ndi malangizo atatu: achepetse mchere, aleke fodya ndi moŵa, ndiponso azilimbitsa thupi. Malangizo aŵiri oyambawo munthu angathe kuwatsata ali pakhomo pake. Lachitatulo limafuna malo. Mwana sangathamange pamene palibe bwalo, ndipo mayi wachikulire sangayende momasuka m'mphepete mwa mseu m'mene njinga zamoto zikupikisana. Nchifukwa chake mwezi uno tafuna kufotokoza za mabwalo a maseŵero: amene ali ndi udindo wowamanga, kumene ndalama zake zimachokera, ndi zimene inu aŵerengi athu mungachite kuti kwanu kukhale bwalo. Chitsanzo tatenga ku Zomba, koma zimene tinene pano zikukhudza boma lililonse m'Malaŵi muno.

Chifukwa chake a zaumoyo akulankhula za mabwalo

M'chaka cha 2009 Unduna wa Zaumoyo, mothandizana ndi bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO, udachita kafukufuku pakati pa anthu a zaka 25 kufikira 64. Zidapezeka kuti munthu mmodzi mwa atatu alionse anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndipo ambiri mwa iwo sankadziŵa nkomwe kuti ali nalo. Anthu pafupifupi 6 mwa 100 alionse anali ndi matenda a shuga. Kale tinkati aŵa ndi matenda a anthu olemera a m'tauni. Kafukufukuyu adaonetsa kuti kuthamanga kwa magazi kuli ponseponse, kumudzi ndi m'tauni momwe.

Mtima ndi mnofu, monga momwe ulili mnofu wa pamkono. Ukamagwiritsidwa ntchito umalimba, ndipo umapopa magazi ambiri popanda kudzipanikiza. Mitsempha nayo imafeŵa, kotero magazi amayenda bwino. Minofu ya miyendo ndi manja ikamagwira ntchito imatenga shuga m'magazi n'kumusandutsa mphamvu, choncho shugayo sachuluka. Kwa ana, kudumpha ndi kuthamanga kumalimbitsa mafupa pa nthaŵi imene akukula. Kwa okalamba, kuyenda kumachepetsa kuuma kwa mfundo ndi kugwa pafupipafupi. Maganizo nawo amapepuka, ndipo tulo timabwera bwino.

Bungwe la WHO limalangiza kuti mwana wa zaka 5 kufikira 17 aziseŵera mwamphamvu kwa mphindi 60 tsiku lililonse. Munthu wamkulu azilimbitsa thupi kwa mphindi zosachepera 150 pa sabata, ndiye kuti theka la ola pa masiku asanu.

“Nanga ife olima tithamangirenji?”

Wina anganene kuti, “Ine ndimagwira khasu kuyambira mbandakucha, ndimatunga madzi, ndimasenza nkhuni. Bwalo ndi la chiyani kwa ine?” Funsoli ndi lomveka. Kulima, kusinja ndi kuyenda mtunda wautali ndi ntchito zolimbitsa thupi ndithu, ndipo amayi amene amatsika ndi mitolo ya nkhuni kuchokera m'phiri la Zomba safunika wina wowauza kuti athamange.

Komabe tiyenera kukumbukira zinthu zitatu. Choyamba, ntchito ya kumunda ili ndi nyengo yake. Tikakolola pamakhala miyezi imene thupi limangokhala. Chachiŵiri, moyo wasintha. Pa Thondwe, pa Jali, pa Songani ndi pa Mayaka pali anthu ambiri amene amakhala pansi tsiku lonse akugulitsa malonda, ndipo ulendo umene kale tinkayenda pansi lero timakwera njinga yamoto. Chachitatu, bwalo ndi la ana ndi achinyamata makamaka. Mnyamata amene akaŵeruka kusukulu ali ndi timu yomuyembekeza sapeza nthaŵi yochuluka yokhala kumalo omwera kachasu kapena kosutira chamba. Mtsikana amene ali m'timu ya ntchemberembaye amakhala ndi anzake ndi mphunzitsi amene angamufunse akajomba, ndipo alangizi a zaumoyo amapeza achinyamatawo ali pamodzi, n'kukambirana nawo za Edzi ndi za mimba zosayembekezera. Paja akuluakulu adati m'mera mpoyamba.

Mbiri ya mabwalo a ku Zomba

Zomba idakhala likulu la dziko lino kuyambira m'chaka cha 1891 kufikira 1975, pamene likulu lidasamukira ku Lilongwe. Nyumba ya Malamulo idatsalabe ku Zomba mpaka 1994. Pa nthaŵi ya atsamunda, malo abwino a maseŵero anali a Zomba Gymkhana Club, kalabu imene idayamba m'chaka cha 1896. Kumeneko kunali bwalo la gofu ndi la tenesi, koma zinali za azungu ogwira ntchito m'boma. Mwana wa ku Chikanda kapena ku Sadzi ankangoziona ali kunja.

Mabwalo ena adadza ndi mabungwe amene adakhazikika m'tauniyi: asilikali a ku Cobbe Barracks, apolisi, sukulu za mishoni ndi za boma, ndiponso Chancellor College imene idasamukira ku Chirunga m'chaka cha 1973. Onseŵa ndi mabwalo okhala ndi eni ake. Mwini akafuna amalola anthu a pafupi kuseŵerapo, akafuna amatseka chipata, ndipo palibe angamuimbe mlandu. Bwalo limene linali la munthu aliyense ndi la Zomba Community Centre, pakati pa tauni, limene lili m'manja mwa khonsolo. Pamenepo ndi pamene pankachitikira mipira ikuluikulu, mipikisano ya sukulu ndi misonkhano.

Pakali pano anthu achuluka. Kalembera wa 2018 adapeza kuti mumzinda wa Zomba muli anthu oposa 105,000, ndipo oposa theka la Amalaŵi onse ndi ana ndi achinyamata. Ku Chinamwali, ku Matawale ndi ku Mpondabwino nyumba zathithikana, ndipo malo opanda kanthu amene ana ankamenyerapo mpira wachikulunga akucheperachepera chaka ndi chaka.

Kodi lamulo likuti chiyani?

M'chaka cha 1998 boma lidakhazikitsa ndondomeko yopereka mphamvu ku anthu, ndipo Nyumba ya Malamulo idavomereza lamulo la maboma ang'ono. Cholinga chake chinali chakuti nkhani za m'dera zizigamulidwa m'dera momwemo, anthu osadikira ku likulu pa chilichonse. Mwa ntchito zimene lamuloli lidapereka kwa makhonsolo muli misika, zimbudzi za anthu onse, kuchotsa zinyalala, manda, miseu ya m'dera, komanso malo opumulirako ndi oseŵererako.

Ku Zomba kuli makhonsolo aŵiri. Khonsolo ya mzinda imayang'anira tauni, ndipo mtsogoleri wake ndi Meya. Zomba idapatsidwa ulemu wokhala mzinda m'chaka cha 2008. Khonsolo ya boma la Zomba imayang'anira madera a mafumu monga Mwambo, Chikowi, Kuntumanji, Malemia ndi Mlumbe, ndipo ntchito zake za tsiku ndi tsiku amayendetsa ndi bwanamkubwa. Ngati mumakhala ku Chingale kapena ku Kachulu, nkhani yanu ya bwalo ipite ku khonsolo ya boma. Ngati mumakhala ku Chikanda, ipite ku khonsolo ya mzinda.

Amene amakulankhulirani m'khonsolo ndi khansala wa dera lanu. Tikumbukire kuti kuyambira 2005 kufikira 2014 dziko lino lidakhala lopanda makhansala, chifukwa chisankho chawo sichidachitike. M'zaka zimenezo anthu ambiri adazoloŵera kuti nkhani za khonsolo ndi za ogwira ntchito m'maofesi okha. Makhansala adabwerera ndi chisankho cha 2014, ndipo ndi udindo wathu kuwagwiritsa ntchito.

Khonsolo ndiyonso imaona za kagaŵidwe ka malo omangapo. Ikamajambula mapu a dera latsopano imayenera kusiya malo a sukulu, a msika ndi a bwalo. Malo oterewo akagulitsidwa n'kumangidwapo nyumba, kuwabweza n'kovuta zedi. Palinso bungwe la Malawi National Council of Sports, limene lidakhazikitsidwa ndi lamulo la 1974. Ilo limayang'anira mabungwe a maseŵero osiyanasiyana m'dziko muno, koma kusunga malo a bwalo m'dera lanu ndi ntchito ya khonsolo ndi mafumu.

Ndalama zimachokera kuti?

Thumba la khonsolo lili ndi magwero angapo. Loyamba ndi ndalama zimene khonsolo imatolera yokha: msonkho wa malo ndi nyumba m'mizinda, chiphaso cha pamsika, ndi ziphaso za mabizinesi. Lachiŵiri ndi ndalama zochokera ku boma lalikulu, kuphatikizapo thumba la chitukuko cha m'madera a aphungu limene lidayamba m'chaka cha 2006. Lachitatu ndi thandizo la maiko ndi mabungwe akufuna kwabwino.

Tsono thumba limodzi lomwelo ndilo likuyembekezeka kukonza mlatho, kufolera chipinda chophunziriramo, kukumba mjigo ndi kuchotsa zinyalala pamsika. Pamsonkhano wogaŵa ndalama, bwalo limakhala kumapeto kwa mndandanda, popeza palibe amene adamwalirapo lero chifukwa chosoŵa bwalo. Vuto lake limaoneka patapita zaka, pamene anthu ayamba kudzaza mabenchi a chipatala ndi matenda a mtima. Mankhwala a kuthamanga kwa magazi munthu amamwa moyo wake wonse, ndipo amene wafa ziŵalo amafuna womusamala usana ndi usiku. Kupeŵa kumaposa kuchiza, ndipo n'kotsika mtengo.

Tidziŵenso kuti amene amazemba chiphaso cha pamsika akuchepetsa thumba lomwe likadamanga bwalo la ana ake. Chimodzimodzinso, amene amapereka ali ndi ufulu wofunsa kuti ndalamazo zagwira ntchito yanji.

Phunziro la bwalo la Community Centre

Cha m'ma 2017 idayamba ntchito yosandutsa bwalo la Community Centre kukhala sitediyamu yamakono yoloŵa anthu pafupifupi 20,000, ndi ndalama za boma kudzera ku khonsolo ya mzinda. Anthu adakondwa, pakuti Zomba idayenera kukhala ndi bwalo lolingana ndi mbiri yake. Koma ntchitoyo idapitirira kwambiri nthaŵi imene idaikidwa, ndipo pamene zaka zinkapita mitengo ya simenti ndi zitsulo inkakwera. Pa zaka zimenezo timu ya asilikali ya Red Lions inkaseŵera mipira yake ya pakhomo m'maboma ena monga Balaka, ndipo ochemerera ankalipira ulendo kuti akaione. Ana a sukulu ndi matimu ang'onoang'ono, amene alibe ndalama ya galimoto, adangosoŵa koloŵera.

Pali maphunziro atatu amene khonsolo iliyonse ingatolepo. Loyamba, musanatseke bwalo lakale konzani lina loti anthu aziseŵerapo podikira. Lachiŵiri, ntchito yaikulu iyambe ndalama zake zitadziŵika kumene zichokere kufikira kumapeto. Lachitatu, sitediyamu ndi bwalo la m'mudzi zili ndi ntchito zosiyana. M'sitediyamu anthu 22 amathamanga pamene zikwi zili chikhalire kuonerera. Pa nkhani ya umoyo, mabwalo ang'onoang'ono khumi omwazikana m'madera amathandiza anthu ambiri kuposa chimpanda chimodzi cha pakati pa tauni. Zonse ziŵiri n'zofunika, koma chimodzi chisameze chinzake.

Malo osonkhana anthu ambiri amafunanso chisamaliro pa zipata. Pa 6 July 2017 anthu asanu ndi atatu, ambiri a iwo ana, adamwalira popanikizana pa chipata cha Bingu National Stadium ku Lilongwe. Zipata zikhale zokwanira, zitsegulidwe nthaŵi yabwino, ndipo ana ang'ono asapite okha kumalo otere.

Phiri la Zomba

Anthu a ku Zomba ali ndi mwayi umene mizinda ina ilibe. Phiri lawo, limene nsonga yake ya Malumbe imapitirira mamita 2,000, lili ndi njira zambiri zoyendamo: ya ku mathithi a Williams, ya ku damu la Chagwa, ya ku dzenje la Chingwe, ndi njira yachidule yotchedwa Potato Path imene imakwera kuchokera m'tauni. M'munsi mwake muli munda wa mitengo ndi maluŵa umene udayambidwa m'chaka cha 1891, m'mbali mwa mtsinje wa Mulunguzi. Kukwera chitunda kumalimbitsa mtima ndi mapapo kuposa kuyenda pachidikha.

Phirili silili m'manja mwa khonsolo. Ndi nkhalango yotetezedwa imene imayang'aniridwa ndi nthambi ya za nkhalango, ndipo damu la Mulunguzi, limene madzi ake amamwa anthu a mumzinda, lili m'manja mwa bungwe la madzi la m'chigawo cha kummwera. Motero khonsolo iyenera kugwirizana ndi nthambi zimenezi pofuna kulambula njira, kuika zikwangwani ndi kuteteza oyenda. Ifenso tili ndi mbali yathu. Tisatenthe tchire, tisadule mitengo mwachisawawa, ndipo tisasambe kapena kuchapa m'madzi akumwa. Phiri likakhala lambee, mvula imakokolola nthaka n'kugumula njira, minda ndi mabwalo omwe a kumunsi. Namondwe wa Freddy wa mu March 2023 adationetsa zimene madzi otsika m'mapiri angachite.

Oyenda m'phiri apite m'gulu, atenge madzi akumwa ndi chovala chofunda, ndipo atsike dzuŵa lisanaloŵe, pakuti nkhungu imagwa mwadzidzidzi. Amene ali ndi vuto la mtima kapena la mphumu ayambe afunsa kuchipatala.

Bwalo labwino ndi lotani?

Bwalo losasamalidwa lingathe kubweretsa matenda m'malo mowachotsa. Komiti ya bwalo ionetsetse zinthu izi:

1. Pakhale zimbudzi, cha amuna ndi cha akazi, ndi madzi osamba m'manja. Anthu akamadzithandiza kuthengo la pafupi, ana oseŵera opanda nsapato amatenga njoka za m'mimba zimene zimaloŵera pakhungu la kuphazi. Pa nthaŵi ya kolera, monga mliri wa 2022 ndi 2023 umene udapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, malo osonkhana opanda chimbudzi ndi oopsa.

2. Madzi akumwa akhale a pamjigo kapena pampopi, kapena othira mankhwala. Oseŵera asamwere chikho chimodzi choviika m'ndowa.

3. Maenje akwiriridwe ndipo ngalande zilambulidwe. Madzi odikha amaswa udzudzu, ndipo dzenje lobisika m'udzu limathyola mwendo.

4. Magalasi osweka, misomali ndi zitini zitoledwe mpira usanayambe. Bala lakuya loloŵa dothi lingathe kubweretsa kafumbata. Litsukeni ndi madzi oyera ndi sopo, ndipo pitani kuchipatala tsiku lomwelo.

5. Mitengo ya magoli ikhale yozikika bwino kuti isagwere ana.

6. M'mbali mubzalidwe mitengo ya mthunzi, ndipo ziŵeto zisamangidwe pabwalo.

7. Atsikana, amayi ndi anthu olumala akhale ndi nthaŵi yawo yodziŵika. Bwalo la ntchemberembaye ndi laling'ono, mamita 30.5 m'litali ndi 15.25 m'lifupi, motero palibe chifukwa cholisiyira. Timu yathu ya Queens, imene idagonjetsa New Zealand pa maseŵero a Commonwealth mu 2018, ndiponso Tabitha ndi Temwa Chawinga amene atchuka kunja pa mpira wa miyendo, ndi umboni wa zimene atsikana angachite akapatsidwa malo.

Kwa a m'mbali mwa nyanja ya Chilwa tiwonjezepo chenjezo ili: kusambira ndi maseŵero abwino, koma madzi odikha okhala ndi nkhono amafalitsa likodzo. Mwana akayamba kukodza magazi mutengereni kuchipatala msanga.

Njira yopemphera bwalo

Chitukuko cha kumudzi chimayambira ku komiti ya chitukuko ya m'dera la gulupu. Kumeneko ndi kumene muyenera kukatula nkhani ya bwalo. Ikavomerezedwa imapita ku komiti ya chitukuko ya m'dera la mfumu yaikulu, kenaka ku khonsolo, kumene imaloŵa m'ndondomeko ya chitukuko cha boma lonse. M'tauni nkhani imadzera ku komiti ya wodi ndi kwa khansala. Pempho limene silidalembedwe m'ndondomekoyi limavuta kulipezera ndalama, ngakhale litakhala labwino chotani.

Musanapite kukapempha, yambani mwachita mbali yanu. Pemphani amfumu apatule malo pamaso pa anthu, malire ake adziŵike, mubzale mitengo m'ngodya zonse, ndipo zilembedwe m'buku la mudzi kuti maŵa wina asadzati ndi munda wa agogo ake. Gwirizanani ndi aphunzitsi aakulu ndi komiti ya sukulu za masiku amene anthu a m'mudzi angagwiritse ntchito bwalo la sukulu. Sankhani komiti yokhala ndi amayi, achinyamata ndi mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu. Kusalaza, kutchetcha ndi kuumba njerwa za chimbudzi mungathe kuchita nokha. Kwa khonsolo mukapemphe simenti, malata, zitsulo za magoli ndi mjigo. Pempho lobwera ndi ntchito yoyambika kale limamveka msanga kuposa la manja lende.

Bwalo likapezeka lisakhale la mpira wokha. Beni, manganje ndi tchopa ndi magule otulutsa thukuta, ndipo fulaye, jingo ndi chipako ndi maseŵero osafuna ndalama. Achikulire angathe kupangana kuzungulira bwalo m'maŵa uliwonse, kuyamba pang'onopang'ono. Amene akumva kupweteka pachifuwa, chizungulire kapena kubanika aime pomwepo ndipo akaonane ndi a chipatala.

Pomaliza, amayi ndi abambo, pamene mwabwera kuchipatala lero pemphani kuti akuyezeni kuthamanga kwa magazi, ngakhale musakumva kudwala. Mukabwerera kumudzi funsani amfumu ngati malo a bwalo alipo ndiponso ngati adalembedwa. Pa msonkhano wotsatira wa chitukuko, funsani khansala wanu kuti m'ndondomeko ya chaka chino muli chiyani chokhudza maseŵero a ana anu. Mutu umodzi susenza denga: khonsolo ichite mbali yake, ifenso tichite yathu.